Mngelo wovala jekete m'tauni: kuyankha achemwali amene buku lawasowetsa tulo

Sabata yatha ndinalandira imelo yaitali kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Blantyre, dzina sinditchula poti sanandiuze kuti nditero. Akuti anagula novel kwa mavenda a mabuku akaunjika ku Limbe, chikuto chong'ambika kale, ndipo anaimaliza m'masiku atatu, usiku wina magetsi atathima anapitiriza ndi tochi ya pafoni mpaka batire kutha. Nkhani yake ikuchitikira ku London masiku athu ano, muli mngelo amene anathamangitsidwa kumwamba, mapiko anamudula kumsana kunangotsala zipsera, amakhala m'kachipinda ka lendi pamwamba pa shopu, usiku amamenyana ndi angelo anzake m'njanji za pansi panthaka, kenako akugwa m'chikondi ndi namwino wogwira ntchito usiku amene pambuyo pake zikudziwika kuti naye ali ndi magazi a angelo. Azakhali ake, mayi a Mvano, ataona chithunzi cha pachikuto anangoti zausatana izi, kaotche. Ndiye wandifunsa zinthu zitatu: kodi wolembayo zonsezi wangozipeka m'mutu mwake, kodi wachimwa powerenga, ndipo n'chifukwa chiyani atatseka bukulo mumtima munali gwaa ngati wadya nsima yopanda ndiwo chonsecho awiriwo anathera limodzi bwinobwino.

Achemwali, zikomo pondilembera, ndipo pepani yankho likhala lalitali chifukwa nkhani imeneyi ndimaikonda kwambiri. Bukulo ndinaliwerenga zaka zapitazo pamodzi ndi ena angapo ofanana nalo. Azungu amawatchula kuti urban fantasy, kutanthauza nthano za zodabwitsa koma zochitikira m'tauni ya lero momwe muli maminibasi, mafoni ndi malandilodi, ndipo cha m'ma 2009 ndi 2010 a angelo amenewa anatuluka ambiri zedi, makamaka olembera achinyamata, nthawi imene anthu anayamba kutopa ndi nkhani za anthu akufa oyamwa magazi zija. Ndiye zomwe ndinene pano zikukhudza gulu lonselo, osati lanulo lokha.

Ndiyambe ndi chimene mwati chinakudabwitsani poyamba, mngelo wovala jekete ndi jinzi akuyenda mumsewu anthu osamuzindikira. Chimenechitu ndiye chakale kwambiri m'buku lonselo, si chachilendo olo pang'ono. Tsegulani Genesis 18, Abrahamu wakhala pakhomo pa hema dzuwa lili paliwombo, akuona amuna atatu, basi amuna, akuwathamangira, akuwapatsa madzi osamba mapazi, Sara akukanda ufa, mwana wang'ombe akuphedwa, alendowo akudya pansi pa mtengo. Mutu wotsatirawo awiri mwa iwo akulowa mu Sodomu madzulo, Loti akuwapeza pachipata cha mzinda ndipo iwo akuti tigona pabwalo pompano, iye kuwakakamiza kuti ayi tiyeni kunyumba. Angelo m'tauni usiku, opanda pogona, anthu a mumzindamo akuwaona ngati amuna wamba achilendo. Manowa, bambo ake a Samsoni, anacheza ndi mngelo mpaka kumufunsa dzina ndi kufuna kumuphera kambuzi osadziwa kuti akuyankhula ndi ndani. N'chifukwa chake kalata ya kwa Ahebri 13:2 imatikumbutsa zochereza alendo poti ena anachereza angelo osadziwa. Munthu sungachereze osadziwa chinthu chobwera ndi mapiko a mamita awiri chikuwala ngati getsi.

Mapikowo anabwera mochedwa. M'Baibulo okhala ndi mapiko ndi aserafi a pa Yesaya 6, mapiko sikisi, awiri kuphimba nkhope awiri kuphimba mapazi awiri kuwulukira, ndi akerubi a Ezekieli aja a nkhope zinayi, ya munthu, ya mkango, ya ng'ombe ndi ya chiwombankhanga, pambali pawo mikombero yodzaza maso. Amenewa satumidwa kwa anthu kukagogoda pakhomo, amakhala pafupi ndi mpando wachifumu. Akhristu oyambirira ku Roma akamajambula mngelo m'manda awo a pansi panthaka ankangojambula mnyamata wovala mkanjo, ndipo ndi chakumapeto kwa zaka za m'ma 300 pomwe amisiri anayamba kumuika mapiko, kutengera zithunzi za Nike, mulungu wamkazi wa chipambano wa Agiriki. Ndiye zipsera za kumsana zija zomwe mwati zinakulizani, wolemba wazitenga ku zojambula za m'matchalitchi osati m'malemba.

Tsopano za chibwenzi, apa ndi pomwe pali nkhani. Mwafunsa ngati wolemba wangopeka zoti mngelo angakonde mkazi mpaka kubereka naye ana. Sanapeke iyeyo, nkhaniyi ili ndi zaka zoposa 2,000. Genesis 6 mavesi anayi oyambirira amati ana aamuna a Mulungu anaona kuti ana aakazi a anthu ndi okongola nadzitengera akazi, ndipo padziko panali Anefili, ziphona zija. Mavesi anayi okha, kenako nkhani ikulumphira kwa Nowa ndi chigumula, ngati munthu amene wayamba kukuuza chinsinsi kenako n'kusintha nkhani. Ayuda akale nawo zinawasiya ndi mafunso ngati inuyo, ndipo cha m'zaka za m'ma 200 Yesu asanabadwe panalembedwa buku lomwe limadziwika kuti la Enoke, lomwe gawo lake loyamba, mitu 36, limatambasula mavesi anayi amenewa. Mmenemo angelo ake amatchedwa Alonda, analipo 200, mtsogoleri wawo Semyaza, ndipo anatsikira paphiri la Hermoni. Chomwe chimandigwira mtima n'chakuti Semyaza ankaopa, anauza anzakewo kuti mwina inu mubwerera m'mbuyo tchimoli n'kutsala pamutu panga ndekha, ndiye onse analumbirirana kuti palibe wothawa. Atakwatira anayamba kuphunzitsa anthu zinthu zomwe sankayenera kudziwa. Azazel anaphunzitsa kusula malupanga, mipeni ndi zishango, komanso zibangili ndi zopakapaka m'maso, ena anaphunzitsa matsenga, kudula mizu ya mankhwala ndi kuwerenga nyenyezi. Ana awo ziphona zija anadya zokolola zonse za anthu, zitatha anayamba kudya anthu eni akewo, mpaka kulira kwa dziko kunafika kumwamba ndipo Rafaele anatumidwa kukamanga Azazel manja ndi miyendo n'kumuponya m'dzenje la mdima m'chipululu. Bukulo limanenanso kuti mizimu ya ziphona zija zitafa ndiyo inasanduka mizimu yoipa yovutitsa anthu padziko.

Mwaona? Malupanga, magulu a angelo olumbirirana, ana a magazi osakanikirana, mngelo womangidwa kudikira chiweruzo, zonse za mu novel yanu zija gwero lake ndi limeneli. Koma taonani kusiyana kwake, mwa Enoke nkhani ya angelo ndi akazi si ya chikondi chokoma ayi, ndi nkhani ya amphamvu kutenga chomwe afuna kwa opanda mphamvu, akaziwo safunsidwa n'komwe, ndipo zotsatira zake ndi njala ndi magazi. Olemba a masiku ano anatenga chigoba chake n'kuikamo maluwa.

Mbiri ya buku la Enokeyo payokha ndi yokoma, ndipo Africa ili pakatikati pake. Kalata ya Yuda mu Chipangano Chatsopano, vesi 14 ndi 15, imatchula mawu a Enoke mwachindunji, kusonyeza kuti Akhristu oyamba ankalidziwa. Koma pang'onopang'ono mipingo ya ku Ulaya inalisiya, anthu ngati Augustine wa ku Hippo anaphunzitsa kuti ana a Mulungu a pa Genesis 6 anali anthu a mbumba ya Seti osati angelo, ndipo ambiri amatsamira pa mawu a Yesu pa Mateyu 22:30 oti angelo a kumwamba sakwatira. Bukulo linasowa ku Ulaya kwa zaka mazanamazana. Amene analisunga lathunthu ndi mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia, m'chiyankhulo chawo chakale cha Ge'ez, ndipo kwa iwo mpaka lero ndi gawo la Baibulo. Mu 1773 James Bruce wa ku Scotland anabwerera ku Ulaya kuchokera ku Ethiopia atanyamula makope atatu, mu 1821 Richard Laurence analimasulira m'Chingerezi, kenako m'mapanga a ku Qumran pafupi ndi Nyanja Yakufa, momwe mipukutu yakale ya Ayuda inayamba kupezeka mu 1947, munapezeka zidutswa zake za m'Chiaramu zotsimikiza kuti ndi lakaledi. Ndiye pomwe wolemba wa ku Ulaya kapena ku America akulemba za Anefili oyenda m'njanji za ku London, akudya zomwe amonke a ku Ethiopia anakopera pamanja pazikopa kwa mibadwomibadwo. Ine chimenechi chimandisangalatsa kwambiri ndipo ndimafuna anthu ambiri akanachidziwa.

Maudindo aja mwatchula, akuti uyu ndi wa gulu lapamwamba uyu ndi wapansi, anachokera kwa mlembi wina wa cha m'ma 500 amene amadziwika kuti Pseudo-Dionysius, iyeyo ndiye anasanja angelo m'magulu naini, atatuatatu, aserafi pamwamba angelo wamba pansi. Mayina ambirimbiri othera ndi "el" aja ena ndi a mwa Enoke ena olemba amangopanga. Zopanga mayinazi si zatsopanonso, mu 745 msonkhano wa ku Roma pansi pa Papa Zachary unadzudzula mlaliki wina dzina lake Aldebert chifukwa cha pemphero loitana angelo a mayina osadziwika, ndipo mpaka pano Akatolika amatchula atatu okha, Mikayeli, Gabrieli ndi Rafaele. Anzathu achisilamu akawerenga novel ngati imeneyi amadabwa kuposa ife, chifukwa kwa iwo angelo sanyozera lamulo la Allah, ndipo Qur'an pa 18:50 imanena kuti Iblis, yemwe ndi Satana kwa iwo, anali wa ziwanda za majini, osati mngelo wopanduka.

Tibwere ku funso lanu lachitatu, ndalidumphira dala lachiwiri chifukwa lachitatuli ndi lomwe ndakhala ndikuliganizira sabata yonse. N'chifukwa chiyani mumtima munali gwaa.

Liwu loti mngelo tinalilandira kudzera kwa amishoni kuchokera ku Chigiriki, angelos, ndipo tanthauzo lake ndi mthenga basi. M'Chihebri ndi malak, mthenganso, liwu lomwe ndi pachibale ndi malaika lomwe mumamva kwa Asilamu ndi m'Chiswahili. Si dzina la mtundu wa cholengedwa, ndi dzina la ntchito. Ndipo ifeyo ntchito imeneyi timaidziwa bwino kuposa azungu a masiku ano. Kumudzi munthu akafika pakhomo m'mamawa, mwamupatsa mpando, mwalonjerana, ndiye akuti ndatumidwa, aliyense amakhala chete, ana amathamangitsidwa, chifukwa mukudziwa kuti mawu akubwerawo si ake, ndi a mfumu kapena a kubanja komwe kwagwa zovuta. Ulemu wonse womwe mukumupatsa ndi wa amene wamutuma. Ndiye taganizani mthenga wafika, wakhala, wadya nsima, wagona, mawa lake wayamba kufunsira mwana wamkazi wa pakhomopo, mwezi watha, chaka chatha, uthenga osanena, ndipo mukamufunsa kuti kodi anakutumani ndani akuti aaa amene uja anasiya kuyankhula kalekale sitidziwa ngati alipo. Ameneyo salinso mthenga, ndi mkamwini chabe wamphamvu zambiri. Mu novel yanu ndi momwemo, Mulungu sayankhula olo kamodzi, kumwamba kuli ngati likulu la kampani lomwe bwana wake anachoka osasiya adiresi, angelo angotsala ndi ndewu zolimbirana mipando. Olemba amachita dala zimenezi, chifukwa Mulungu akangoyankhula nkhani yatha, palibenso chokayikitsa, komanso safuna kukhumudwitsa owerenga a zipembedzo zosiyanasiyana poti buku ndi malonda. Koma mtengo wake ndi umenewo, mwatsala ndi mnyamata wokongola wa zipsera kumsana amene akanatha kukhala msilikali wothawa nkhondo kapena mwana wa mfumu wothamangitsidwa, nkhani ikanayenda chimodzimodzi. Inu munakulira m'nyumba yomwe liwu loti mngelo limalemera, munadikira masamba onse aja kuti anene chomwe wabwerera, sananene.

Makolo athu ankadziwa kuti nkhani ya mthenga imakoma pa uthengawo. Kumbukirani nthano ya bilimankhwe, amene Chauta anamutuma kukauza anthu kuti akafa adzadzukanso, iye n'kumayenda mwa kachitidwe kake kaja, phazi limodzi kuganiza kaye, mpaka buluzi anamupitirira ndi uthenga woti akafa afa basi, ndipo wofika poyambayo ndi umene unagwira ntchito. Nthano yaifupi koma imakusiya ukunjenjemera, imfa yonseyi chifukwa cha mthenga wochedwa panjira. Pa Danieli 10 palinso zofanana, Danieli wasala kudya masabata atatu osayankhidwa, mngelo akufika n'kunena kuti mawu ako anamveka tsiku loyamba lomwe koma kalonga wa ufumu wa Perisiya ananditsekereza masiku 21 mpaka Mikayeli anabwera kudzandithandiza. Nkhondo ya angelo ilipo pamenepo, koma ikumenyedwa chifukwa pali munthu pansi pano akudikira yankho. Ine ndikanakonda wina atalemba novel ya masiku 21 amenewo, ndipo ndikanakonda atailemba m'Chichewa, mthenga wake atatsika pa depoti ya Wenela ndi uthenga wa mayi wina wa ku Ndirande, tauni yonse ikumutchinga.

Sindikunena kuti bukulo n'lachabe, ayi. Chomwe wolembayo anachita bwino, ndipo ndikuganiza kuti n'chomwe chinakugwirani mpaka batire kutha, ndi tauni ya usiku. Anthu ogwira ntchito ena akugona, anamwino, alonda, osesa m'masiteshoni, anthu omwe masana palibe amawayang'ana kumaso, iye anawaika pakati pa nkhani n'kunena kuti zinthu zazikulu zakumwamba zikuchitikira pakati pa amenewa. Chigawo chija mngelo wakhala pabenchi ya chipatala usiku wonse pafupi ndi nkhalamba yomwe ilibe wachibale womudikirira, osachita chozizwitsa chilichonse, kungokhala, ndi chomwe ine ndimachikumbukira mpaka lero, ndewu zonse zija ndinaiwala. Chomwe sindinachikonde, ndipo poti ndinu mtsikana ndinene mosabisa, ndi khalidwe la mngeloyo pa chibwenzi, kumutsatira mtsikana mobisa, kulowa m'chipinda chake akugona, kumuuza kuti usapite uku usacheze ndi uyu zonse m'dzina lomuteteza. Bukulo likuzionetsa ngati chikondi chozama poti mwini wake ndi wokongola ndipo ali ndi zaka masauzande. Mwamuna wa ku Chilomoni akamachita zomwezo timadziwa dzina lake, ndi nkhanza, ndipo mapiko sasintha kanthu pamenepo.

Za kuchimwa. Ine si m'busa, ndikuyankhani ngati mlongo wanu wowerenga mabuku. Kuwerenga nthano si kupembedza zomwe zili m'nthanomo, tonse tinakula ndi nthano za Kalulu wabodza ndi wakuba ndipo agogo omwe ankatisimbira anali anthu opemphera. Poti mwatseka buku n'kuyamba kufunsa kuti zoona ndi ziti zopeka ndi ziti, mutu wanu ukugwira ntchito bwino lomwe. Pomwe ndingakuchenjezeni ndi apa, pa intaneti pali anthu ambiri amene amatenga mayina a angelo a m'manovel ndi mwa Enoke n'kumaphunzitsa mapemphero owaitanira, manambala a angelo, makandulo a mitundumitundu, ena mpaka kugulitsa, zimenezo si nthanonso ndipo musaziyandikire. Komanso ngati buku likukulotetsani zoopsa kapena kukusowetsani mtendere popemphera, lisiyeni, mabuku ndi ambiri.

Koma azakhali anu musawaseke, chonde. Mzungu wa ku London amawerenga za angelo omenyana m'njanji ali phee chifukwa kwa iye dziko la mizimu linatsekedwa kalekale, ndi zosangalatsa basi ngati mpira. Kwathu kuno silinatsekedwe. Nkhani ya munthu wogwa ndi lichero padenga la eni ake imakambidwa m'minibasi ngati nyuzi, ndipo mu 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo zinaphetsa anthu enieni osalakwa. Munthu amene waona zomwe nkhani za mizimu zimachita zikalowa m'mitu ya anthu ali ndi chifukwa chomveka choopera buku lokhala ndi munthu wamapiko akuda pachikuto, ngakhale kuti pa buku ili akulakwitsa. Musakangane nawo za chikutocho. Tsiku lina mukusenda limodzi nandolo afunseni za Genesis 6, muwafunse kuti ana a Mulungu aja anali ndani, mudzaona kuti nawonso funsoli analifunsapo kalekale ku Sande sukulu ndipo mwina sanayankhidwe.

Pomaliza pa zowerenga, poti mwati mukufuna lina la mtundu womwewu. Pezani Baibulo la Akatolika, olo kubwereka kwa aneba, mutsegule buku la Tobiti, mitu 14 yokha, mumaliza madzulo amodzi. Kwa inu a CCAP silili m'Baibulo lanu, ndiye muliwerenge ngati nkhani. Tobiti ndi bambo wachiisraeli wokhala mumzinda wa Nineve, wachita khungu, chuma chatha, mkazi wake Ana ndi amene akugwira maganyu oluka nsalu ndipo m'nyumba muli kukangana. Akukumbukira ndalama zasiliva zomwe anasungitsa kwa mnzake kutali ku Mediya, akutuma mwana wake Tobiyasi kuti kapeze munthu wodziwa njira timulipira. Mnyamatayo akutuluka panja n'kupeza mwamuna wina atangoima, akuti njira ndikuidziwa, dzina langa ndine Azariya, akugwirizana malipiro a tsiku ndi tsiku ngati waganyu aliyense, akunyamuka, ndi galu wa pakhomo akuwatsatira pambuyo. Panjira pali chinsomba cha mumtsinje wa Tigrisi, pali mtsikana Sara amene amuna seveni afa usiku wa ukwati chifukwa cha chiwanda Asimodeyo ndipo iye wafika pofuna kudzimangirira, pali apongozi amene akukumba manda usiku mwakachetechete pokonzekera mkamwini wachisanu ndi chitatu kenako n'kutuma antchito kukakwirira msanga kusanache atamva kuti ali moyo. Waganyu uja ndi Rafaele, ndipo sakudziulula mpaka mutu 12, pomwe bambo ndi mwana akumuitana kuti amupatse theka la chuma chonse chomwe abwera nacho, iye n'kuwauza kuti pomwe inu ndi Sara munkapemphera ndine ndinkafikitsa mapemphero anu, ndipo sindinabwere mwa kufuna kwanga, ndinatumidwa.

Mukawerenga mundilembere, ndikufuna ndimve ngati pamenepo mumtima mudzakhalenso gwaa, komanso mundiuze ngati munamuona galu uja pobwerera, ambiri amamuphonya.